Mthenga wa Njala

Mwezi uno tafuna kuti ticheze za njala, chinthu chimene tonse timachidziŵa koma ndi ochepa amene anafunsapo kumene chimachokera. Ife amene taphunzitsa zaka zambiri m'sukulu za pulaimale kuno ku Chiradzulu timadziŵa kuti nthaŵi ikamayandikira 10 koloko m'maŵa, kalasi limasintha. Mwana amene anachoka kunyumba osalaŵa kanthu amayamba kuyasamula ndi kugoneka mutu pa desiki, ndipo samu imene anaikhoza dzulo, lero imamukanika. Kale tinkati ndi ulesi, mwakuti ena a ife tinkafulumira kuthyola mkwapulo. Tinkaŵalakwira anawo.

M'chaka cha 1999 akatswiri a ku Japan, Masayasu Kojima ndi Kenji Kangawa pamodzi ndi anzawo, anapeza kuti chifu cha munthu chimapanga mankhwala akeake amene anaŵatcha ghrelin. M'mimba mukakhala mopanda kanthu, ghrelin amachuluka m'magazi. Munthu akadya, amachepa. Tingamuyerekeze ndi mthenga amene chifu chimatuma kukanena ku ubongo kuti kuno zinthu zatha. Koma mthenga sanganene uthenga wake popanda womulandira. Choncho mu ubongo muli tizolandirira ting'onoting'ono timene timamva ghrelin. Chodabwitsa n'chakuti cholandirirachi ndicho chinayamba kupezeka, m'chaka cha 1996, ndi akatswiri a kampani ya Merck ku America. Anaona khomo zaka zitatu asanamdziŵe mlendo woloŵerapo.

Mthengayu akafika, munthu amamva njala. Komanso kachiŵalo kena ka pansi pa ubongo kamatulutsa mankhwala okulitsa thupi. Madokotala a ku France anapeza m'chaka cha 2006 mabanja ena amene cholandirira chawo chinali ndi chilema chobadwa nacho, ndipo ena mwa ana awo anali aafupi msinkhu. Tisasokonezeke apa: zimenezi n'zosoŵa, ndipo kupinimbira kwa ana ambiri m'midzi mwathu kumadza chifukwa cha kupereŵera kwa chakudya choyenera ndi kudwaladwala.

Nanga nzeru zimenezi zitithandiza bwanji?

Choyamba n'cha ana a sukulu. Mwana amene thupi lake likumuitanira chakudya sangatsate bwino phunziro, ngakhale akhale wanzeru chotani. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake muno m'Malaŵi m'chaka cha 2002, linaona zomwezi pamene linayamba kuphika phala m'sukulu. Koma phala la kusukulu silichotsa udindo wa makolo. Tikudziŵa kuti mabanja ambiri anavutika namondwe wa Freddy atakokolola minda m'mwezi wa Malichi 2023, ndiponso kuti miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zopanda kanthu. Komabe pamene pali kochepa, kayambire kwa mwana wopita kusukulu. Zakudya zomanga thupi zimamgoneka mthengayu nthaŵi yaitali kuposa zakumwa za shuga. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, ngakhalenso nandolo wotsala dzulo womutenthetsa bwino, zimamsunga mwana kuposa tiyi wopanda chodyera. M'mera mpoyamba.

Chachiŵiri n'cha inu achinyamata. M'chaka cha 2004 ofufuza a ku America anasonyeza kuti munthu akamagona maola ochepa, ghrelin amachuluka m'magazi mwake, ndipo amalakalaka zakudya zotsekemera ndi zokhutitsa msanga. Mnyamata amene amachezera pa foni mpaka tambala woyamba asadabwe kuti m'maŵa mtima uli pa mandasi ndi zakumwa za m'botolo. Chizoloŵezi chotere chikakhazikika, chimatsegula njira ya kunenepa kopitirira muyeso ndi matenda a shuga. Nanunso atsikana amene mumadzimana chakudya kuti muchepe thupi, dziŵani kuti munthu akatsika thupi mwa kudzimana, mthengayu amakuŵa koposa kale. N'chifukwa chake ambiri amabwerera mwakale, kenaka n'kumadzida okha. Njira yabwino ndiyo kudya pa nthaŵi yake, mwa muyeso, kugwira ntchito ndi kugona mokwanira.

Chachitatu n'cha odwala athu. Pa matenda ena aakulu monga khansa, munthu amakana chakudya ndi kuwonda ngakhale ghrelin alipo wambiri m'magazi mwake. Mthenga akugogoda, koma matenda atseka khomo. Wodwala wotere sakuchita mwano, sakunyoza wophika, ndipo sanalodzedwe. Tisamkalipire kapena kuloza zala anansi. Timpatse chakudya chofeŵa pang'onopang'ono koma kaŵirikaŵiri, tikhale naye pamene akudya, ndipo tipite naye msanga kuchipatala. Ife a ku Chiradzulu tili ndi umboni. Pamene a Médecins Sans Frontières anayamba kupereka mankhwala a ARV m'boma lino m'chaka cha 2001, tinaona abale athu amene anatsala mafupa okhaokha akuyambanso kuitanitsa nsima. Matenda akathandizidwa, njala imabwerera. Ku Japan, m'chaka cha 2021, boma linavomereza mankhwala otchedwa anamorelin amene amadzutsa cholandirira chija mwa odwala khansa owonda kwambiri. Ameneŵa ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala, ndipo tichenjere ndi ogulitsa m'misika amene amalonjeza mapiritsi onenepetsa.

Palinso nthenda ina yosoŵa yobadwa nayo, yotchedwa Prader-Willi, imene mwana amakhala ndi ghrelin wambiri ndipo sakhuta. Mwana wosakhuta chotere, amene akuchedwanso kukula ndi kuphunzira, afunika dokotala osati dzina lakuti wosusuka.

Pomaliza tikupempha chinthu chimodzi. Maŵa m'maŵa, mwana asanatenge makope ake, mayi kapena bambo afunse kuti, "Kodi walaŵa kanthu?" Nafenso aphunzitsi, tisanadzudzule mwana wosinza m'kalasi, tiyambe tafunsa funso lomwelo. Tidzachezanso mwezi wamaŵa.