Mantha a ku Ulaya ndi mpango wa ku Balaka

M'chaka cha 2004 dziko la France lidaletsa ana kuvala zizindikiro zoonekera za chipembedzo m'sukulu za boma. Lamulolo lidakhudza zipembedzo zonse, koma aliyense ankadziwa kuti chosakidwa chenicheni ndi mpango wa atsikana achisilamu, uja amati hijabu. Kuchokera apo Ulaya waonadi zoopsa, monga kuphedwa kwa Bambo Jacques Hamel ali pa Misa mu Julaye 2016, ndipo zipani zodana ndi alendo zakula. Pa chisankho cha ku Germany cha mu Febuluwale 2025 chipani cha AfD chidakhala chachiwiri. Mantha asanduka ndalama yogulira mavoti, ndipo wolipira kawirikawiri ndi mlendo amene naye adathawa zigawenga zomwezo.

Ife tisadzinamize kuti moto uli kutali. Ku Cabo Delgado, m'dziko la Mozambique, zigawenga zobisala m'dzina la Chisilamu zidayamba kupha anthu mu Okutobala 2017, ndipo mu Seputembala 2022 zidapha Sisitere Maria De Coppi pa mishoni ya Chipene, m'chigawo cha Nampula. Koma tidziwenso kuti midzi yambiri imene zaotcha ndi ya Asilamu anzawo.

Nanga kwathu kuno? Mu Novembala 2019 mkangano wa hijabu pa sukulu ya Angilikani ya M'manga ku Balaka udafika poti anthu kuvulazana ndi kuswa nyumba zopemphereramo. Nyumba ya Malamulo siidathamangire kukhazikitsa lamulo. Bungwe la Public Affairs Committee, limene Akhristu ndi Asilamu adayambitsira limodzi mu 1992 pomenyera demokalase, lidakhazika mbali zonse pansi, ndipo mu 2021 adasainirana pangano lolola hijabu m'sukulu za mipingo. Zokambiranazo zidayenda mwa kamba, ena mwa ife amene sukuluzi n'zathu tidang'ung'udza ndithu, komabe ndikuona kuti njirayi idaposa ya ku France. Mtsikana adabwerera m'kalasi, ndipo aliyense wofuna kukopa anyamata ponena kuti dziko lino limadana ndi Chisilamu adasowa pogwira. Ndi dziko lomweli, la Akhristu ochuluka, limene lidasankha Msilamu, a Bakili Muluzi, kukhala pulezidenti mu 1994.

Pamene tapunthwa ndi pa mlendo. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali adasonkhanitsa othawa kwawo m'matauni, amayi ndi ana omwe, n'kuwabwezera ku Dzaleka, msasa umene udali utadzaza kale ndi anthu oposa 50,000. Ambiri adaomba m'manja, ati alendo akutilanda malonda. Mawu omwewo ndiwo amaponyeredwa ana athu ku Johannesburg. Ndipo kuno ku Lisasadzi, fodya amene watisunga zaka zonsezi adalimidwa ndi matenanti obwera kuchokera kutali, ena mwa iwo Asilamu a kumwera, amene manda a makolo awo ali kwina.