Kuyeretsa nkhope si luso lojambula

Nyengo yolandira madigiri ikafika, WhatsApp ndi Facebook zimadzaza ndi magauni ndi zipewa. Koma ukayang'anitsitsa, nkhope zambiri sizifanana ndi eni ake. Mnyamata amene tonse timamudziwa kuti ndi wakuda bii amaoneka wotuwa ngati wadzola phulusa. Mtsikana wakhungu loderako amasanduka woyera mbee, mpaka mphuno kusowa. Ine ndikukana kuti kumeneku ndi kukongoletsa. Wojambula amene amathamangira kuyeretsa nkhope pa kompyuta amakhala akubisa kuti kuwala kunamuvuta pa nthawi yojambula.

Vutoli silinayambe lero. Kuchokera m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi lotchedwa Shirley, lomwe linali ndi chithunzi cha mayi wachizungu. Makina ankawachuna mpaka khungu la mayiyo litaoneka bwino, ndipo zithunzi za anthu ena onse zinkatsukidwa pa muyezo womwewo. Makadi okhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana anadzabwera m'zaka za m'ma 1990. Ngakhale lero, kamera ya foni ukaisiya kuti isankhe yokha, imayeza kuwala kwa malo onse. Ikaona malaya oyera ndi thambo lowala, imachepetsa kuwala, nkhope yakuda n'kumira mumdima. Kenako wina amadzaikoka ndi filta, khungu n'kutuwa.

Chonsecho khungu lakuda limajambulika bwino kwambiri likapeza wodziwa ntchito. Seydou Keïta wa ku Mali anatsegula situdiyo yake ku Bamako mu 1948. Zithunzi zake zambiri ankajambulira panja, pabwalo la nyumba, ndi kuwala kwa dzuwa komanso nsalu yopachika kumbuyo. Lero zithunzizo zimaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso, ndipo ukaziona umapeza masaya, chipumi ndi maso a munthu aliyense zili bwinobwino.

Zofunika kudziwa si zambiri. Dzuwa la masana limachokera pamwamba penipeni, ndiye limasiya mdima m'maso ndi pansi pa mphuno, ndipo chipewa cha digiri chimaphimbiratu theka la nkhope. Munthu muimike pakhonde kapena pamthunzi wa khoma, nkhope italoza kumene kuwala kukuchokera. Mnzako agwire pepala lalikulu loyera cha pachifuwa kuti kuwala kubwerere kunkhope. Pa foni, gunda pankhope pomwepo kuti kamera iyeze khungu osati malaya. Flash yolunjika imangonyezimiritsa chipumi, nkhope n'kuoneka yaphwatalala.

Kuwala n'kumenenso kumauza woona chithunzi za mumtima mwa wojambulidwayo. Kuwala kochokera mbali imodzi, monga kwa pawindo la laibulale, kumasiya tsaya lina mumthunzi, ndipo munthu amaoneka wodekha, woganiza mozama. Dzuwa la kumadzulo, cha m'ma 5 koloko, likakhala kumbuyo limazunguliza mutu ndi mapewa ndi kamzere kofiirira, chithunzi n'kukhala chachimwemwe. Amene wadutsa zaka zinayi za njala, fizi yosowa ndi mayeso obwereza ali ndi nkhani pankhope pake. Ukafafaniza mithunzi yonse, nkhaniyo yapita.

Anzanga ojambula adzati: kasitomala ndi amene amapempha yekha kuti "mundiwalitseko pang'ono", ndipo ukakana amapita kwa wina. N'zoona, ndipo ndalama ya zithunzi ndi imene ena amalipirira hositelo. Koma ambiri amapempha zimenezi chifukwa sanadzionepo atajambulidwa bwino ndi khungu lawo lenileni. Amangodziwa ziwiri: chithunzi chamdima kapena choyeretsedwa. Muonetseni chachitatu pa kamera pomwepo, musanakhudze kompyuta, asankhe yekha. Komanso tisanamizane, maganizo amene amatipangitsa kukweza filta ndi omwewo amene amagulitsa mafuta oyeretsa khungu m'misika. N'zomvetsa chisoni kuti ife amene timalemba maesei otsutsa maganizo a atsamunda ndife omwe timalipira kuti atiyeretse.

Chithunzi cha digiri sichithera pa status. Chimakapachikidwa pabalaza kumudzi, makolo n'kumalozera alendo kwa zaka zambiri. Amayi ako akachiyang'ana aziona mwana amene anamubereka, ndipo ang'ono ako azidziwa kuti munthu wakhungu ngati lawo anavalapo gauni. Ukamapita kukajambulitsa chaka chino, funsa kaye wojambulayo kuti akuimika pati komanso nthawi yanji.