Woyenda usiku panjinga asadalire nyali imodzi

M'kope lino tikambeko za kanthu kakang'ono komwe ambiri a ife timakakumbukira mdima utatipeza kale pamsewu. Tikunena nyali ya panjinga, makamaka yachiwiri, yodikira tsiku lomwe yoyamba idzakane kuyaka.

Chatiyambitsa nkhaniyi ndi zomwe zidaonekera anansi athu ena, atelala osokera pakhonde la sitolo mu Limbe, omwe amapalasa tsiku ndi tsiku kuchokera cha ku Njuli. Bambowa si munthu wosasamala ayi. Njinga yawo ili ndi dainamo yabwino, ndipo kwa zaka zambiri akhala akutiseka ife ogula mabatire. Tsiku lina m'dzinja adachedwa ndi mayunifomu a ana asukulu, nanyamuka kutada, mvula ikuwaza. Atafika potsetsereka, kagudumu ka dainamo kadayamba kuterereka pa tayala lonyowa, nyali idaphethira kawiri n'kuzima. Galimoto yochokera kutsogolo idawathobwa m'maso, ndipo pothawa adakagwera m'ngalande. Mulungu adawasunga, koma fupa la paphewa lidathyoka, makina awo n'kukhala chivundikirire milungu 6. Pakhomo adadya zangongole mpaka kukolola, chonsecho tochi yomwe ikadawaonetsa ngalandeyo mtengo wake sufika pa ndalama yosokera yunifomu imodzi.

Kwathu kuno mdima suchedwa. M'mwezi wa Juni dzuwa ku Blantyre limalowa nthawi isadakwane 5:30, ndipo pakangopita mphindi 30 kwada kale. Munthu woweruka 5 koloko amene kwawo ndi ulendo wa ola limodzi amathera ulendowo mumdima, afune asafune. Alonda, akabaza, ogwira ntchito m'mafakitale ndi amalonda olawirira kumsika onse amadziwa zimenezi. M'mwezi wa Ramadhan nazo njinga zimachuluka m'misewu usiku anthu akamabwerera ku Taraweeh. Tsono galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Dalaivala akakuonani mwadzidzidzi muli pa mamita 40, watsala ndi masekondi awiri okha oti aganize, aponde buleki kapena akhote.

Pogula nyali yachiwiri pali funso lomwe timaliika patsogolo pa mtengo ndi kuwala komwe: kodi nyali yomwe muli nayo kale imadwala matenda anji? Yachiwiriyo isakhale ya matenda omwewo. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma iwo ankanena za munthu wosadziwa phanga lothawiramo. Apa tikunena za munthu amene wadziwa podontha phanga lake.

Tiyambe ndi dainamo. Yotsamira pa tayala ija imatulutsa mavoti 6 ndi mawati 3, ndipo siipempha tambala. Koma imaterereka m'mvula ndi m'matope, imawotcha babu lachikale mukathamanga potsetsereka, ndipo choopsa koposa n'chakuti mukaima nayonso imaima. Pamphambano podikira magalimoto adutse, kapena pachitunda pokankha njinga yolemedwa ndi matumba, mumakhala mumdima pamalo penipeni pofunika kuoneka. Mwini dainamo afunika nyali ya mabatire.

Nanga zotchaja ndi kachingwe ngati foni, zomwe zadzaza m'misika masiku ano? Zimawala bwino, sitikana. Matenda ake ndi magetsi. Tonse tikukumbukira chaka cha 2022, namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira m'mwezi wa Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Anthu ankagona nyali ili pa soketi, m'mawa n'kupeza kuti sidamwe kanthu. Amene nyali yake yaikulu ndi yotchaja asagule yotchaja inanso, chifukwa tsiku lomwe yoyamba yagona ndi njala, yachiwirinso yagona ndi njala. Agule yolowa mabatire omwe angawapeze pa okala iliyonse m'mbali mwa msewu.

Pano tinenepo za foni, poti tikudziwa kuti achinyamata ayankha kale kuti yawo ili ndi tochi. Foni si nyali ya panjinga. Imalanda dzanja limodzi lomwe likadagwira buleki, siipirira mvula, imaitana akuba, ndipo mukagwa ndi yomweyo yoimbira abale. Mukaithera moto kuunikira maenje, mudzaimba ndi chiyani?

Mabatire nawo ali ndi nkhani yake, ndipo ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira. Ife timakonda tochi yolowa mabatire a AA, aja a msinkhu wa chala, a mavoti 1.5. Ang'onoang'ono a AAA mtengo wake sasiyana kwenikweni ndi a AA, koma moto omwe amasunga sufika theka. Opondereza mtengo ambiri, ngakhale olembedwa Heavy Duty, ndi a mtundu wakale wa zinki. Amafooka msanga, ndipo akakhalitsa m'tochi amatulutsa madzi omwe amadya sipuling'i ndi timalata ta mkati. Poti nyali yachiwiri imakhala miyezi osayatsidwa, apa mpofunika kulimba mtima n'kugula olembedwa Alkaline. Ikani kapepala pakati pa batire ndi kalata kake kuti tochi isadziyatse yokha m'chikwama, ndipo tsiku lolandira malipiro muziitsegula kuona ngati mkati muli bwino.

Pali tinyali tina tokongola, tochepa ngati chivundikiro cha botolo, tolowa mabatire ophwatalala onga ndalama yachitsulo, olembedwa CR2032. M'nyumba ya ana ang'onoang'ono timeneti sitikulimbikitsa. Mabatirewa savuta kumeza, ndipo limodzi likakakamira pakhosi pa mwana limatha kuwotcha njira ya chakudya m'maola awiri okha. Zikachitika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche. Komanso mabatire otere kumidzi sapezeka wamba.

Mwayi omwe tili nawo, omwe makolo athu a njinga za Humber ndi Raleigh adalibe, ndi babu la LED. Akatswiri atatu ochokera ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, adalandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa chopeza LED yowala mobiriwira ngati thambo, yomwe idatsegula njira ya zoyera zomwe tikugula lero. LED ilibe kawaya koduka njinga ikagunda bampu, ndipo imadya moto pang'ono kwambiri. Ndiye chifukwa chake katochi ka mabatire awiri kamaposa tochi zikuluzikulu za mabatire atatu zomwe tidakula nazo.

Komabe m'sitolo musatengeke ndi manambala a papaketi. Opanga tochi zotchipa amalemba kuwala komwe afuna, poti palibe amene adzakuyeze. Musatengekenso ndi tochi yokhala ndi wailesi, belu ndi nyali za mitundu isanu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Itengeni m'manja. Iyatseni n'kuigwedeza mwamphamvu, ndipo ikaphethira ibwezeni, chifukwa msewu wafumbi udzaigwedeza kuposa pamenepo. Tsegulani kolowera mabatire muone ngati pali kamphira kozungulira kotchinga madzi. Mukapeza yolembedwa IPX4, ndiye kuti idapangidwa kupirira madzi owaza, ngakhale kuti kumira m'chithaphwi siingapirire. Switchi ikhale yodina yokutidwa ndi mphira. Zotsetsereka zija fumbi limalowamo.

Chomwe chimayamba kuthyoka pa nyali yotchipa ndi chogwirira chake chapulasitiki. Apa sitidandaula, chifukwa tili ndi malegeni. Legeni lodula bwino ku chubu chakale, lokulunga mopingasa pa handulo, limagwira tochi kuposa zogwirira zambiri zogula, ndipo limachepetsa kugwedezeka. Koma phunzirani kumanga kwake masana pakhomo, osati pamsewu mvula ili pamsana. Tochi ya pamutu nayo ndi yabwino, makamaka tcheni chikagwa kapena tayala likaphwa, poti manja onse amakhala omasuka. Vuto lake n'lakuti mukatembenuka kuyang'ana dalaivala mumamuthobwa. Nyali iliyonse ya kutsogolo iweramitseni kuti kuwala kugwe pansi mamita ochepa patsogolo panu. Munthu wothobwa sakuonani bwino. Amangoona chinthu chowala osadziwa pomwe chathera.

Mukafika nayo kunyumba, iyeseni kamodzi. Ikani mabatire atsopano, yang'anani wotchi, ndipo isiyeni iyake mpaka ifooke. Ngati ulendo wanu ndi wa ola limodzi, iyenera kuwala bwino maola awiri kapena kuposa. Tikudziwa kuti amayi akunyumba adzati uku n'kuononga mabatire. Auzeni kuti n'kamodzi kokha.

Tsopano tifike pa mbali yomwe ambiri timaiiwala, ndipo kwa ife ndi yaikulu kuposa zonse: kumbuyo. Nyali ya kutsogolo ikazima mumadziwa pompo, mumatha kutsika n'kukankha njinga. Ya kumbuyo ikazima palibe amakuuzani. Mumapalasabe mtima uli m'malo, mukuganiza kuti lole yomwe ikubwerayo yakuonani. Choncho nyali yachiwiri ya kumbuyo si yosunga m'thumba ayi. Iyake pamodzi ndi yoyamba, kuti ina ikafa ina itsale. Ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi mwezi uno, ife tikuti yambani ndi kanyali kofiira ka kumbuyo. Ka LED kofiira kamadya moto pang'ono zedi, ndipo pophethira kamatha masiku ambiri ndi mabatire amodzimodzi.

Kakhale kofiira ndithu. Pamsewu choyera chimatanthauza chinthu chobwera, chofiira chinthu chopita, ndipo dalaivala akaona choyera kumbuyo kwanu amasokonezeka. Ena amakuta tochi ndi pepala lofiira lapulasitiki. Pangozi ndi bwino kusiyana ndi kukhala opanda kanthu, koma kuwala kwambiri kumathera m'pepalamo. Poti timayenda kumanzere, kamangeni chakumanja, mbali yomwe magalimoto amadutsira. Onaninso kuti katundu sakukaphimba. Taonapo njinga zambiri zokhala ndi nyali yabwino pansi pa chishalo, koma thumba la chimanga, dengu la tomato kapena chitenje cha amayi okwera pakaliyala chaitseka yonse. Malo abwino ndi kumapeto kwa kaliyala kapena pa madigadi. Mukamanga, tumani mwana ayende mapazi 100 usiku akuuzeni chomwe akuona. Ana sanama pa zotere.

Malifulekita musawachotse, ngakhale anyamata amati amanyozetsa njinga. Safuna batire, ndipo a pa mapedulo ndi abwino koposa chifukwa amakwera ndi kutsika, dalaivala n'kudziwiratu kuti kutsogoloko kuli munthu wopalasa. Jekete yonyezimira nayo imathandiza. Koma zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha kuwala kwa galimoto kukazimenya. Njinga yamoto yopanda nyali, ngolo, kapena mnzanu wopalasa mumdima sangazione. Ma CD akale omwe ena amapachika kumbuyo ndi zokongoletsa chabe. Lifulekita lenileni limabweza kuwala komwe kwachokera, pomwe CD imakutayira kumbali ngati galasi loyang'anira nkhope.

Mitengo sitilemba pano. Magazini ino imatuluka kamodzi pa miyezi itatu, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 aliwonse mu Novembala 2023, taphunzira kuti mtengo wolembedwa lero umakhala nthano pofika kope lotsatira. Chomwe tinganene n'chakuti powerengera muphatikize mabatire a chaka chonse. Tochi yotchipa yodya mabatire mlungu ndi mlungu imadula kuposa yokwererapo pang'ono yomwe imatha nawo mwezi.

Atelala aja adachira ndipo adabwerera pakhonde lawo. Dainamo sadaichotse, ndipo mpaka lero amalimbikira kuti palibe nyali yoiposa. Koma adasoka kathumba ka nsalu yaleti kopachika pansi pa chishalo, momwe muli tochi ya mabatire awiri, mabatire ena awiri okulunga m'pepala lapulasitiki, ndi legeni. Kumapeto kwa kaliyala kuli kanyali kofiira komwe mwana wawo wamkazi ndiye amakayatsa m'bandakucha asadanyamuke. Timathumbato anzawo a njinga ayamba kuwaitanitsa, moti sabata yatha adasoka 7.