Nkhawa ndi Pemphero: Gawo Lachitatu

M'gawo lapitalo tidaona mavuto amene amagwera mnyamata kapena mtsikana akatsiriza Fomu 4 ndi kubwerera kumudzi. Lero tikambirane za mdani wosaoneka ndi maso amene amagona naye mphasa imodzi, ndiye nkhawa.

Chaka chatha, mayeso a MSCE atatha, mmodzi wa ophunzira anga adandipeza kunyumba atawonda, maso ali psuu. Adati: "Aphunzitsi, sindikuona tulo. Bambo adagulitsa mbuzi zonse chifukwa cha fizi yanga. Ndikalephera ndidzawayang'ana ndi maso ati?" Koma mapepala ake adali kale m'manja mwa ochonga, ndipo kusagona kwakeko sikukadasintha yankho ngakhale limodzi. Nkhawa imatero: imatilemba ganyu wolemetsa, wopanda malipiro.

Ena mwa ife amene tidadutsa pa yunivesite timayesa pemphero pothawira anthu aulesi. Enanso amaliyesa sitolo, kumene munthu amapereka mawu ndi kulandira katundu. Maganizo awiri onsewa ndikuwakana, ndipo mboni zanga zili m'Malembo.

Pa 1 Samueli 1 timamva za Hana, mayi wosabereka, amene adalira kwa Mulungu ku Silo mpaka wansembe Eli adamuyesa woledzera. Atatsiriza kupemphera adapita kukadya, ndipo chisoni chidachoka pankhope pake, ngakhale kuti adali asanaime n'komwe. Mtendere udafika yankho lisanafike. Paulo naye, polangiza Afilipi (4:6-7) kuti asade nkhawa koma atule zopempha zawo pamodzi ndi mayamiko, adali m'ndende. Ambuye Yesu adapemphera katatu m'Getsemane. Chikho sichidachotsedwe, komabe adadzuka ndi kukumana ndi owagwira mtima uli m'malo.

Izi sizidathere m'masiku a Baibulo. M'chaka cha 1873 Horatio Spafford, loya wa ku Chicago, adataya ana ake aakazi anayi pamene sitima ya Ville du Havre idamira panyanja ya Atlantic. M'chisoni chomwecho adapeka nyimbo yonena za mtendere wa mumtima imene mipingo ikuimbabe mpaka lero. Nyanja sidabweze anawo, koma mwini wake sadamire nawo.

Tsono pemphero limachita chiyani? Choyamba, limatikakamiza kutchula dzina la chimene tikuopa, pakuti chilombo cha mumdima chimachepa msinkhu chikaunikidwa. Chachiwiri, limatiphunzitsa kulekanitsa katundu wathu ndi katundu wa Mulungu. Kulemba kalata yofunsira ntchito, kuthirira dimba, kubwereza mayeso, izi ndi zathu. Za mawa ndi za Mwini wake, monga tiphunzira pa Mateyu 6:34. Chachitatu, kuyamika kumatikumbutsa mitsinje imene tidaoloka kale. Wopemphera sapinda manja: amagwira khasu masana, usiku ndi kugona. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe ndisakunamizeni. Ilipo nkhawa ina imene ili matenda. Munthu akakhala masabata angapo osadya bwino, osagona, kapena akayamba kuganiza zodzichotsera moyo, auze makolo, abusa kapena bambo mfumu, ndipo apite kuchipatala msanga. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro, monganso wodwala malungo sachimwa pomwa mankhwala. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu aphunzitsi anzanga ndili ndi mawu amodzi. Nthawi zambiri ndife amene timafesa mantha, pouza ana kuti wolephera mayeso watha ntchito padziko. Tiwalimbikitse kuwerenga ndithu, koma tisawaphunzitse kuti mtengo wa munthu umalembedwa pa satifiketi.

Mnyamata uja tidagwada naye pabalaza, ndipo ndidamupempha kuti akauze bambo ake mantha ake onse. Zotsatira zitatuluka adapezeka kuti sadakhoze monga momwe ankafunira. Adalira, koma sadathawe pakhomo. Chaka chino akubwereza, ndipo akugona tulo.

M'gawo lachinayi tidzakambirana za makolo, ndi mmene angalandirire mwana amene mayeso sadamukomere.