Dzina salipereka mothamanga

M'mera mpoyamba. Katundu woyamba amene kholo limasenzetsa mwana ndi dzina, ndipo mwanayo amayenda nalo mpaka kumanda.

Aarabu akale ankadziwa kulemera kwake. Ana awo aamuna ankawatcha maina oopsa: Sakhr, thanthwe, Harb, nkhondo, Hanzala, chipatso chowawa cha m'chipululu. Maina okoma ankasungira akapolo awo. Ankati dzina la mwana alimve adani kunkhondo, pomwe la wantchito limaitanidwa pakhomo m'mawa ndi madzulo.

Patapita mibadwo kudabuka anthu onyoza, amvekere maina a Aarabu ndi phokoso lopanda tanthauzo. Ibn Durayd, katswiri wa chinenero wobadwira ku Basra, yemwe adamwalira ku Baghdad mu 933, sadabweze chipongwe. Adakhala pansi nalemba Kitab al-Ishtiqaq, buku lofukula mizu ya maina, fuko ndi fuko. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khama lake ndi la anzake olemba mabuku a matanthauzo a mawu ndi lomwe latisungira zoti Ikrima ndi nkhunda yaikazi, ndipo Ja'far ndi mtsinje.

Mtumiki Muhammad naye sankachepetsa nkhaniyi. Mwana wamkazi wa mnzake Umar anali ndi dzina lotanthauza wosamvera, ndipo Mtumiki adamutcha Jamila, wokongola. Tsiku lina kudabwera bambo wotchedwa Hazn, nthaka youma yovuta kuyendapo. Mtumiki adafuna kumutcha Sahl, malo osalala, koma bamboyo adakana, nati sangataye dzina lomwe atate ake adamupatsa. Mdzukulu wake, Sa'id ibn al-Musayyib, mphunzitsi wamkulu wa ku Madina, ankadandaula kuti kuuma kuja sikudachoke m'banja lawo. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Kwathu kuno nako tili ndi a Mavuto ndi a Masautso, ana osenzetsedwa misozi yomwe sadaichititse. Tilinso ndi makolo otola dzina lachiarabu pa wailesi kapena pa intaneti chifukwa langokoma m'khutu. Safunsa adadya phula. Musanatche mwana, pitani kwa ashehe, pitani kwa agogo, mukafunse tanthauzo la dzinalo ndi mbiri ya amene adalitchedwapo kale. Khanda silingathe kukana. N'chifukwa chake inu oyankhula m'malo mwake muyenera kudekha. Mkwiyo wa lero udzatha, fashoni idzapita, koma mwanayo adzavomerabe dzinalo ali ndi imvi.