Amene wakulandirani mu gulupu ya crypto uja, akudyapo zingati pa inu?

Asisi, tiyeni tikambirane za magulupu a crypto amene adzaza m'mafoni mwathu masiku ano. Ena a inu mwaikidwamo kale musanapemphe n'komwe. Mnzanu wa ku sekondale amene simunayankhulane naye zaka zisanu wangotulukira, wakuponyani mu gulupu ya WhatsApp kapena Telegram, ndipo musanawerenge n'komwe dzina la gulupuyo adimini wakulemberani kale: takulandirani mfumukazi, muno ndi mwa amayi odziimira paokha, muno timakwezana tokhatokha. Timitima tofiira mbwee. Zithunzi za anthu atanyamula mipukutu ya ndalama, wina ataima pambali pa galimoto yoti kaya ndi yake kaya ndi ya eni.

Ife kukwezana sitikukana ayi, ndiye ntchito imene timadzukira. Chikutiwawa n'chakuti mawu amene amayi a dziko lino akhala akumenyera zaka zonsezi, oti mkazi akhale ndi ndalama yakeyake, asamachite kupempha ya sopo, atengedwa n'kukolekedwa ku mbedza ngati nyambo. Ndipo amene akuwedzedwa ndi mlendo, uja wangolowa kumene, wosadziwa kuti wallet n'chiyani, amene akungofuna munthu mmodzi womulongosolera zinthu moona.

Tiyambe ndi aja amathamangira kunena kuti obetsa ndalama m'zinthu zimenezi ndi adyera. Takhalani kaye chete. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mtsikana amene anasunga ndalama yake ya thukuta ku banki anagona ali nayo, kudzuka mphamvu yake yatha, chonsecho sanatchove juga. Amene amaoda katundu ku China, ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg akudziwa mmene madola amavutira kupeza. Wina digiri ili mu sutikesi chaka chachitatu tsopano. Ndiye munthu wotere akamva kuti kuli USDT, ndalama ya pa intaneti imene mtengo wake umayendera limodzi ndi dola ya ku America, n'kufuna kudziwa zambiri, walakwa chiyani? Akuganiza bwinobwino ameneyu. Vuto ndi amene akumudikirira pakhomo.

Pali gulupu ija yachikondi chosefukira. Kumeneko funso lililonse yankho lake ndi linki. Mukafunsa kuti kodi phinduli likuchokera kuti, akuti kuli roboti imene imagula ndi kugulitsa usana ndi usiku, inu musadzipweteke mutu, ingolembetsani kudzera pa linki yangayi. Mukafunsanso, akuti muli ndi maganizo aumphawi. Kachitatu mwachotsedwa, ati mukubweretsa mzimu wobwezera anthu m'mbuyo. Chimene sakukuuzani n'chakuti linkiyo ili ndi chizindikiro chawo, ndipo pa ndalama iliyonse imene muike, iwo akudulapo yawo. Ameneyu ndi wogulitsa wovala nkhope ya mphunzitsi.

Ndiye pali gulupu ya akatswiri, kumene akazi mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Tayesani kufunsa kuti blockchain n'chiyani muone. Wina aseka, wina akuti kafufuzeni nokha pa Google, wina akuti zinthu izi si za aliyense. Pakatha mphindi khumi inbox yadzaza. Asisi ndaona funso lanu lija, ine ndikhoza kumakuphunzitsani panokha, koma muli pabanja? Mumakhala dera liti? Tatumizani chithunzi ndikudziweni. Zomwe zija timakumana nazo pofuna ntchito, pofuna magiredi ku koleji, zatilondola mpaka mu foni. Timati safunsa anadya phula, koma apa wofunsa akusekedwa pagulu n'kukafunsiridwa kuseri. Mtsikana wanzeru zake amangotseka pakamwa, n'kubwerera kwa aja amamutchula mfumukazi, poti kumeneko bola samunyoza. Amuna onyozawa sadziwa, kapena salabadira, kuti ndi iwo amene akuperekera akazi m'manja mwa atambwali.

Kubera anthu kudzera m'maphunziro si kwachilendo. OneCoin, imene inayamba mu 2014, mukudziwa inkagulitsa chiyani? Mapaketi a maphunziro. Munthu ankagula maphunziro a za ndalama, n'kupatsidwa timatokeni toti tidzasanduka makobidi a OneCoin, ndipo akabweretsa anzake ankalandira komishoni. Kutsogolo kunali mayi, Ruja Ignatova, wophunzira ku Oxford, wa madiresi aatali ndi ndolo zonyezimira, amene mu 2016 anayankhula pamaso pa chikhamu cha anthu ku Wembley Arena mu London. Blockchain yeniyeni kunalibe. Manambala amene anthu ankaona akukwera ankangolembedwa ndi kampaniyo. Mu October 2017 mayiyu anakwera ndege ku Sofia kupita ku Athens, sanaonekenso, ndipo mu 2022 FBI inamuika pa mndandanda wa anthu khumi amene ikuwasakasaka kwambiri. Ndalama zimene anthu anataya zikuposa madola 4 biliyoni, ndipo mwa otayawo munali anthu wamba a ku Uganda, ngati ife tomwe. Ndiye wina asatiuze kuti poti mtsogoleri ndi mkazi mnzathu, ndalama zathu zili pabwino.

Pafupi pompa, ku South Africa, Mirror Trading International inkalonjeza phindu la pafupifupi 10 peresenti pamwezi, ati chifukwa cha roboti yochita malonda. Roboti yomwe ija, eti. Inagwa mu December 2020, mkulu wake Johann Steynberg anakagwidwira ku Brazil, ndipo bungwe la ku America loyang'anira misika linawerengera kuti Bitcoin imene anatolera inali ya madola oposa 1.7 biliyoni. Mu April 2025 inali CBEX ku Nigeria. Maina amasintha, koma moni wolandirira mlendo ndi yemweyo.

Munthu amene akufunadi kuthandiza mlendo amayamba ndi zosakoma. Amamuuza tsiku loyamba lomwelo kuti Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka ndi lamulo m'dziko muno, ndiye zikavuta musayembekezere kuti banki ikubwezerani. Amamuuza kuti ukatumiza Bitcoin kapena USDT ku adiresi yolakwika, kapena kwa mbava, basi yapita. Si ngati Airtel Money kapena Mpamba kumene umatha kuimba foni n'kudandaula kuti ndaphonya nambala.

Ndipo amakhala naye pansi pa nkhani ya seed phrase, chifukwa apa ndiye pagona moyo. Mukamatsegula wallet yanuyanu, imakupatsani mawu 12 kapena 24, kawirikawiri a Chingerezi. Mawu amenewo ndiwo ndalamazo. Amene wawadziwa akhoza kutsegula wallet yanu pa foni yake, ali ku Lagos kapena ku Ndirande, n'kusesa zonse popanda kukhudza foni yanu, popanda kudziwa PIN yanu. Amalembedwa ndi cholembera papepala, n'kubisidwa. Sajambulidwa, satumizidwa pa WhatsApp, saperekedwa kwa adimini, saperekedwa kwa munthu wodzitchula wa kampani. Chibwenzinso ayi. Inde, ngakhale bae. Tonse tikudziwa mabanja amene khadi ya ku banki ya mayi imagona m'chikwama cha bambo, mayi n'kumapempha ndalama yake yomwe. Mwamuna amene akuti bweretsa foni ndikutsegulire, iwe zikusokoneza, waona mawu onse 12 aja. Tsiku limene mudzayambane, simudzadziwa n'komwe kuti ndalama zatuluka nthawi yanji. Wokuphunzitsani moona amakusiyirani foni m'manja mwanu, mawu akamatuluka iye amayang'ana kumbali.

Amanenanso za mitengo mosabisa. Bitcoin, imene ndi yeniyeni ndithu, yakhalapo kuyambira 2009, inafika pafupifupi madola 69,000 mu November 2021, pofika November 2022 inali cha m'ma 16,000. Inadzakweranso pambuyo pake, n'zoona, koma amene anaikamo ya lendi kapena ya fizi sakanatha kuuza alandilodi kuti dikirani zaka ziwiri. TerraUSD, imene inkati mtengo wake sudzasiyana ndi dola, inagwa m'masiku ochepa mu May 2022. FTX inali imodzi mwa misika yaikulu ya crypto padziko lonse, inagwa mu November 2022 ndi ndalama za makasitomala, ndipo mwini wake Sam Bankman-Fried analamulidwa kukhala m'ndende zaka 25. Ngati zikuluzikuluzi zinagwa, kapulogalamu kamene mwatumiziridwa dzulo, kopanda ofesi, kopanda dzina la mwini wake, kali ndi mphamvu yanji?

Masamu ake safuna digiri. Akakuuzani kuti muzipeza 2 peresenti patsiku, ndipo phindulo muzilibwezeramo, tengani foni muwerengere: K100,000 ikhala yoposa K137 miliyoni chaka chimodzi chokha. Munthu amene ali ndi makina otere angavutikirenji kukutsatani mu inbox, kukupemphani K50,000 yanu? Akakuuzani kuti aliyense abweretse anthu asanu, asanuwo abweretse asanu awo, pofika mzere wa khumi ndi chimodzi pakufunika anthu oposa 48 miliyoni, kuposa Amalawi tonse ndi makanda omwe. Anthu amatha, ndipo akatha otsiriza kulowa ndi amene amalipirira onse. Kutapa koyamba kuja kumene kumatheka bwinobwino, K20,000 ija inalowadi pa foni yanu mpaka munaijambula n'kuonetsa anzanu, inali ndalama ya mtsikana wina amene analowa pambuyo panu. Tsiku lofuna kutapa zonse mudzauzidwa kuti muyambe mwalipira msonkho, kapena ndalama yotsegulira akaunti. Musalipire. Ndipo pakatha sabata kudzabwera wina wonena kuti amathandiza anthu kubweza ndalama zobedwa, bola mumupatse kangachepe. Nthawi zambiri ndi gulu lomwelo labwerera kudzatola zotsala.

Tsopano kwa inu asisi athu amene mukugawa malinki. Tikudziwa kuti ambiri a inu si mbava. Munalowa ndi mtima woona, mwatapako kangapo, ndipo mukukhulupirira kuti mukuthandiza anzanu. Koma taganizirani kumene mukukawedza: ku kwaya, ku saluni, kwa azakhali, ku banki m'khonde. Tamva za amayi amene akongola ku banki m'khonde, ena mpaka katapila, kuti akaike mu pulogalamu chifukwa mwana wa mnzawo wophunzira ku yunivesite wanena kuti n'zotheka. Anakhulupirira sukulu yanu. Mu chipereganyu aliyense amadziwa kuti ndalama ya mwezi uno yachokera kwa uje ndi uje, ndipo wozemba timadziwa pakhomo pake. Mu banki m'khonde chiwongoladzanja timachiona, chalembedwa m'kope. Inu mungaloze kumene phindu la pulogalamu yanu likuchokera, osatchula roboti? Tsiku limene idzatseke, adimini wamkulu adzazimitsa nambala yake ya kunja ija. Inu simudzazimitsa kanthu. Mudzakumana nawo amayi aja ku tchalitchi Lamulungu, kumaliro, pa chigayo. Katundu adzalandidwa ndi wa iwo, dzina lidzaipa ndi lanu.

Ndipo zikatere, onani amene amasekedwa. Pa Facebook anthu sadzafunsa za amene anakonza msamphawo, adzangoti akazi kukonda zaulere. Kunyumba wina adzamenyedwa chifukwa cha ndalama ya geni, wina adzabisa ngongole mpaka BP ikwere. Manyazi amenewa ndi amene amateteza mbava, chifukwa wobedwa akakhala chete pulogalamu ija imangosintha dzina n'kulowa mu dera lina. Ngati zakuchitikirani, musafufute kalikonse. Sungani mauthenga, manambala a foni amene munatumizako ndalama, ma screenshot a zonse, n'kukanena ku polisi. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo kuba ndi kuba ngakhale kuchitikire pa intaneti. Sitikulonjezani kuti ndalama zibwerera. Koma nambala ya Mpamba kapena Airtel Money imene inalandira ndalama zanu inalembetsedwa m'dzina la munthu.

Sitikunena kuti akazi atalikirane ndi crypto. Mawu amenewo tinawamva kale pa nkhani ya malo, ya galimoto, ya ndale: zisiyeni izi n'za amuna. Amene akufuna kuphunzira aphunzire, ndipo amene mukudziwa kale zinthuzi, makamaka atsikana a IT ndi a zachuma amene mumangowerenga mwakachetechete m'magulupumu, yambani kuyankha mafunso pagulu, pamene aliyense akuona, popanda linki kumapeto. Inu ma adimini, ngati mumalandira komishoni pa munthu aliyense wolowa, lembani zimenezo pamwamba pa gulupu, ndi kuchuluka kwake komwe. Mwamuna wotsata mlendo ku inbox achotsedwe tsiku lomwelo, osati mtsikana amene wadandaula. Ndipo funso loti ndalama zikuchokera kuti lisakhale mlandu.

Sabata ino, mu gulupu iliyonse imene munaponyedwamo, lembani mafunso awiri pagulu: phinduli likuchokera kuti, nanga inu amene mwandiitana mukupezapo zingati ndikalowa? Jambulani yankho lake, bisani maina ndi manambala a anthu, mutitumizire ku inbox ya tsamba lino. Akakuchotsani musanayankhidwe, jambulani zimenezonso.