Kudoko la Monkey Bay sikwa azungu okha

Pali mabanja ambiri ku Ulongwe, ku Golomoti ngakhalenso ku Mtakataka omwe ana awo amadya usipa tsiku ndi tsiku koma sanaonepo bwato la asodzi likukocheza. Nyanja ili pafupi, maminibasi akuyenda, koma ulendo wongokayenda kudoko ndi kujambulitsa zithunzi makolo amauona ngati kumwaza ndalama, kapena ngati za azungu obereka zikwama kumsana. Maganizo amenewa ngolakwika.

Kunena zoona, ndalama ikuvuta, ndipo bambo yemwe akuganiza za fetereza ndi fizi sangadzudzulidwe akakayika. Komatu ulendo wotere sulira chipinda chogona kapena chakudya cha kuhotela. Mbatata yophika, botolo la thobwa ndi ndalama yoyendera basi zakwana.

Ku Monkey Bay, komwe dzina lake lina ndi Lusumbwe, ndiko kwawo kwa sitima ya Ilala. Sitimayi idapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, idabwera kuno m'zidutswazidutswa, ndipo idayamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1951. Yakhala ikunyamula anthu, matumba a chimanga, malata ndi nsomba zouma kudzera ku Likoma ndi Nkhata Bay mpaka ku Chilumba. Tsopano yapitirira zaka 70 ili pamadzi, ndipo chitsulo chimatopa. Tsiku lina Ilala idzapuma, ndiye mwana yemwe adajambulitsa ataima patsogolo pake adzakhala ndi choonetsa adzukulu. Chofunika n'kuyamba kufunsa tsiku lomwe sitimayi ili padoko, chifukwa nthawi zambiri imakhala ili paulendo.

Kale wojambula ankayenda panjinga, kamera ili m'khosi, ndipo banja linkadikira sabata yathunthu kuti chithunzi chitsukidwe. Zithunzi zimenezo zikadalipo m'maalubamu ndi pazipupa. Lero foni imodzi imasunga zithunzi mazanamazana, koma ikabedwa pamsika kapena kugwera m'madzi, zonse zapita. Banja likabwerako kudoko lisankhe ziwiri kapena zitatu n'kukatsukitsa. Ndipo amayi, omwe nthawi zambiri amangotsala akulondera zikwama pamthunzi, nawonso aonekemo.

Pali mwambo wake. Msodzi yemwe wachezera usiku wonse ndi chilimira, kapena mayi yemwe akuyanika usipa pathandala, ali pantchito, sali pachionetsero. Kumuloza ndi foni osapereka moni n'chipongwe chomwe anthu a kunyanja atopa nacho. Mwana aphunzitsidwe kuyamba ndi "Mwaswera bwanji bambo, tingakujambuleni?" ndipo akakanidwa asanyinyirike. Ku Monkey Bay kulinso asilikali a pamadzi, choncho malo awo ndi maboti awo asalozedwe kamera, ndipo polowa padoko penipeni ndi bwino kupempha kaye kwa alonda a pachipata.

Ana akaona madzi amafuna kulowamo. Padoko sipoyenera kusambira: pamadutsa maboti a injini, ndipo madzi odikha okhala ndi udzu ndiwo amasunga nkhono zofalitsa likodzo. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo ya mwera imautsa mafunde mwadzidzidzi, choncho zokwera bwato kuti chithunzi chikongole zisiyidwe. Nthawi yabwino yojambula ndi m'mamawa asodzi akamakocheza, dzuwa lisanayambe kuthobwa m'maso.